Dzina la Galu Wanga

Ndinamugula ku Zobwe, pamalire,
kwa mnyamata wa mazira owiritsa
amene anamubisa m'katoni ya sopo.
Metikali makumi asanu. Ndinaseka kutchipa kwake.
Panjinga yamoto mpaka ku Ulongwe
anagona m'jekete langa,
kamtima kake kakugogoda nthiti zanga.

Ndinamutcha Sindine,
poti tsiku loyambalo anakodzera thumba la mbatatesi
n'kundiyang'ana ngati wangofika kumene.

Palibe anandiuza kuti makumi asanu aja chinali chikole chabe.
Madeya anakwera, mafupa a kubutchala anasiya kukhala aulere,
nkhupakupa zinabwera ndi mvula, osaodira.
Tsiku la katemera, galimoto ya a zaziweto itaima pabwalo la mpira,
ine ndinali chagada pansi pa njinga ya kasitomala,
manja ali bii ndi oyilo.
Ndinati, mawa.
Mawa lija linakwera galimoto yomweyo n'kupita ku Tsangano.

Unyolo ndinagula.
Koma akalira usiku unkathina khosi langa,
ndiye ndinkadzuka n'kukamumasula.
Ndinkachitcha chifundo.

Loweruka lina Kasimiro, mwana wa Felisiyana,
ankathamangitsa galimoto yake ya mawaya panjira ya kumjigo.
Sindinaone. Ndinangomva kukuwa.
Pakatumba mabowo anayi, magazi osachuluka n'komwe.
Felisiyana sanatukwane. Bola akanatukwana.
Anamanga mwendowo ndi duku lake n'kufunsa motsitsa mawu:
khadi la katemera lili kuti?

Kupolisi anatsegula buku lalikulu,
bolopeni ikukana, akuipukusa m'manja.
"Galuyo ndi wa yani?"
"Wanga."
"Dzina lake?"
"Sindine."
Anadzutsa mutu. "Bambo, musayambe kukana tisanakufunseni."
Pabenchi anthu anafa nacho chikhakhali. Ine ayi.
Ndinalimva dzinalo likutuluka m'kamwa mwanga
mosavuta, ngati mawu amene ndakhala ndikuyeserera chaka chathunthu.

Galu sasayina. Alibe chala chodinda.
Chindapusa chinagwera pa dzina limene anandisiyira bambo anga.
Jakisoni wa chiwewe kuchipatala chathu anali atatha,
ndiye shapa ya ku Tete, mbandakucha,
mayi, mwana ndi ine pampando wakumbuyo,
kutsetsereka kuchoka kozizira kwathu
kukalowa m'ng'anjo ya mumzinda,
osalankhulana, mwendo wa mwana uli pa bondo langa.
Ulendo wachitatu usanakwane
ndinali nditagulitsa makina anga owotcherera zitsulo.

Masiku khumi Sindine ali m'khola la mbuzi.
M'mawa uliwonse ndinkagwada n'kuyang'ana dovu lake,
kumukankhira mbale ya madzi ndi ndodo.
Akamwa, ndinkapuma.
Sindinapempherepo motero m'tchalitchi.

Mlamu wanga anati, chingwe ndi mwala, mtsinje suli patali,
galu wa mlandu sasungidwa.
Ndinatenga chingwecho ndithu.
Iye poona chingwe anayesa tikupita kokayenda,
mchira uli pukupuku kusesa fumbi.
Katoni ija sanasankhe ndi iye.
Mawa lija sananene ndi iye.
Chingwecho pano timayanikapo zovala.

Mpanda ndamanga, wa nsungwi ndi waya, geti lake lotseka.
Khadi lili m'kapepala ka pulasitiki pamodzi ndi chitupa changa,
zithunzi ziwiri zikanakhalapo mukanati pachibale.
Polandira ndalama ya njinga iliyonse
ndimapatula kaye ya madeya, yanga pambuyo.

Kasimiro anachira, akusewera mpira.
Koma akafika pa nyumba yanga amawoloka msewu,
amayenda cham'mbali, maso ali pageti,
ndipo ngongole imeneyo mulibe m'buku la apolisi,
sindidziwa ofesi yokalipirako.

Ndayesa kumusintha dzina. Satembenuka.
Ndiye madzulo ndimaima pakhonde ndi mbale m'manja
n'kuitana mokweza, Sindine! Sindine!
Felisiyana kuseri kwa mpanda akupeta nyemba zake,
sayankha kanthu.
Tonse awiri tikudziwa.